Denga Lopanda Bowo

Pomwe Sajeni Sellina Nakoma amafika kuseri kwa msika wa Limbe m'mawa umenewo, anthu anali ataweruza kale mlandu, chotsala n'kumupha munthuyo basi. Mdala wina anali khale pakhonde la nyumba yatsopano yansanjika, yunifomu ya ulonda itang'ambika paphewa, diso limodzi litatupa ngati chitumbuwa. Apolisi awiri anamutchinga kuti mavenda asamumalize. Wina wachangu anali atagubuduza kale tayala.

"Mwini tayalalo abwere nalo kuno," anakuwa Sellina. "Galimoto yathu ilibe sipeya."

Tayala lija linasowa mwini wake pomwepo.

Mdalayo anali a Peterson Zuze a ku Chilobwe, mlonda wa nyumbayo chiyambire maziko. Nyumbayo inali ya a Pearson Mlanga, mkulu wa mpingo woyenda ndi jekete ngakhale mu Okutobala. Pansi mashopu, pamwamba maofesi, penti akununkhabe. Komatu masiku ano, abale anga, nyumba ya malonda sithera pa njerwa ndi penti. Kunabwera lamulo latsopano loti nyumba zoterezi zisamangoyamwa magetsi ngati thole pabere: mababu akhale osadya magetsi, denga lisamalowetse kutentha, ndipo gawo lina la magetsi nyumbayo izidzitapira yokha kudzuwa. Popanda mapanelo a sola padenga, woyendera nyumba sakuvomereza, ndipo ukapanda kuvomerezedwa sutsegula ngakhale kashopu ka machesi. Woyenderayo amayembekezeka masana a tsiku lomwelo. Kutacha, mapanelo onse psiti.

Amene anayamba kukuwa kuti akuba anali Stacy, mwana wa a Mlanga, yemwe bambo ake anamupatsa nyumbayo kuti aziyang'anira. Anali ndi foni ziwiri m'manja.

"Dzulo madzulo analipo, Sajeni. Ndinawaona ndi maso angawa ndili pamsewu apo, akunyezimira bwinobwino. Lero kutsika galimoto, kuyang'ana kumwamba, zii! Ndiye ndinakuwa. Ine sindinati amumenye. Ndinangofunsa kuti a Zuze munali kuti."

"Munafunsira pagulu?"

Stacy anayang'ana nsapato zake. "Anthu a mashopu akudikira makiyi," anatero motsitsa. "Tikalephera lero, a Raphael oyendera nyumba aja kaya adzabweranso liti. Siriyasi, tatha."

Ali chilankhulire, a Mlanga anatulukira, jekete ili m'malo mwake, mpango ukupukuta khosi. Chomwe chinamudabwitsa Sellina n'chakuti bamboyo sanayang'ane kumwamba. Munthu akakuberani njinga mumayang'anabe pomwe munaiimika, ngakhale mukudziwa kuti palibe. Iwo anayang'ana mwana wawo.

"Waitana apolisi ndani?"

"Ine, Dadi. Foni yanu simalowa."

"Inatha moto. Ku Mpingwe magetsi anazima chigonere." Anapinda mpango uja. "Ukanandidikira, mwana iwe." Kenaka anatembenukira kwa Sellina ndi nkhope ya Lamulungu. "Mayi, ife izi tingozisiya m'manja mwa Ambuye."

"Ambuye ali ndi zambiri lero," anatero Sellina. "Izi tisiyireni ife."

* * *

A Zuze anawakhazika kumbuyo kwa galimoto ya polisi. Sellina anawapatsa botolo la madzi.

"A Zuze, munagona?"

"Ine, mama? Ine ayi. Tulo tinatha chimwalirire mayi a kunyumba."

"Munthu analowa?"

"Palibe."

"Galimoto?"

"Palibe galimoto, mama."

"Ndiye mapanelowo anamera mapiko?"

"Ine sindidziwa. Kumwamba sindikwera ine, miyendo inakana kale. Ine ndi geti, geti ndi ine."

"Kunyumba muli ndi ndani?"

"Adzukulu amasiye. Nyumbanso ndi ya bwana Mlanga, anatisunga iwowo." Diso labwinolo linadzadza misozi. "Mama, ine ndakalamba wopanda mlandu. Lero ana a dzana andiponda pamutu, akuti wakuba. Adzukulu anga akamva kusukulu, ndikawayang'ana bwanji?"

Sellina anatseka chitseko cha galimoto. Anauza Konstebo Yunus kuti apite nawo kupolisi, popeza tsiku limenelo chitokosi chinali malo abwino kuposa msewu. Galimoto ikudzuka, mavenda anaimenya makofi m'mbali.

* * *

Padenga amakwererapo pa makwerero achitsulo kuseri kwa nyumba. Stacy anavula nsapato zake zazitali n'kutsatira.

"Munayamba mwakwera kuno?" anafunsa Sellina.

"Ayi. Dadi anati si malo a mtsikana."

Dengalo linali la simenti, losalala ngati bwalo la mpunga. Panali matabwa angapo, njerwa zili mbwee, ndi mizere m'fumbi pomwe panakhala mapanelo. Sellina anayenda pang'onopang'ono, maso pansi ngati wotaya singano. Kenaka anagwada n'kusisita simentiyo ndi chikhatho.

"Mukufuna chiyani, Sajeni?"

"Bowo."

"Bowo la chiyani?"

"Chinthu chokhala padenga amachimanga ndi mabawuti, apo ayi mphepo ya Chiperoni ikachitula ku Bangwe. Wakuba akamasula, bowo limatsala. Akathyola, chitsulo chimatsala. Taonani nokha."

Stacy anayang'ana. Simenti yonse inali gwa, yopanda ndi kachipsera komwe.

Pakona panali waya wakuda wonenepa, wotsikira m'paipi. Sellina anamugwira n'kukoka pang'ono. Wayayo anabwera. Anakokanso, anabweranso, mpaka mapeto ake anatuluka lende, osadulidwa ndi mpeni, osapsa, osalumikizidwa kulikonse. Unali mchira wopanda galu.

"Mwina akubawo anamuzula," anatero Stacy, koma mawu ake anali atachepa.

"Mwina. Nanga dzuwa lili kuti?"

Iwo anaima mumthunzi. Nyumba ina yaitali ya pafupi inali itaphimba mbali yonseyo ya denga. Sellina anali ndi kasola kake kakang'ono kunyumba kotchajira foni, ndipo amadziwa kuti kanthuko ukakaika pamthunzi kamanyanyala ngati mkazi wachiwiri. Koma mizere ya m'fumbi ija inaonetsa kuti mapanelo anawaimika m'mphepete mwenimweni, moyang'ana kumsewu.

"Amenewa sanali kufuna dzuwa," anatero Sellina. "Amafuna maso a anthu."

Anasuzumira kuseri. Pansi panali kanjira kopapatiza kokhala ndi geti lake, ndipo tsidya la kanjirako panali shopu ya mabokosi a maliro. Pakhoma pomwe anatsamirapo, penti anali atapalika mizere iwiri, monga amachitira chingwe potsitsa katundu wolemera.

* * *

Pakamwa pa kanjirako pankakhala mayi Miriam ogulitsa tiyi ndi mbatata, mayi woti ukamufunsa njira amakuuza ndi mbiri ya amene anailambula.

"Ine ndimafika kusanache, achemwali, nkhuku zisanatsuke m'maso. Amene amadutsa pano ndimamudziwa, ndi komwe wagona ndimadziwanso. Mbatata iyi tengani, yaulere, boma lidye."

"Lero kunatuluka galimoto m'kanjiramu?"

"Palibe."

"Taganizani bwino."

"Ndati palibe. Ndingaiwale galimoto ine?" Anavundula makala. "Kupatula ya maliro ija. Koma maliro sitiwerengera."

Sellina anasiya kusenda mbatata. "Maliro ati?"

"Lole ya a Trevor a mabokosiwa. Inalowa chambuyo, mtanda patsogolo, nkhata pagalasi. A Zuze anatsegula geti, chipewa m'manja, mutu pansi, n'kupita kutsogolo kwa nyumba kuti apereke malo. Mdala uja chiikire mkazi wake safuna kuona bokosi. Nanenso ndinagwada, n'kutembenukira kukhoma. Nanga munthu n'kumayang'anitsitsa maliro ngati ukuonera mpira?"

"Inakhalitsa?"

"Madzi a tiyi anawira, ndinathira ena, anawiranso. Ndinati kaya malemuwo ndi onenepa bwanji."

"Potuluka simunasuzumire? Ngakhale ndi diso limodzi?"

Mayi Miriam anayang'ana uku ndi uku. "Mulungu andikhululukire, ndi theka la diso. Achemwali, maliro amenewo anandimvetsa chisoni. Opanda nyimbo. Opanda mayi ndi mmodzi yemwe. Amuna okhaokha ataimirira kumbuyo, atagwirira katundu wofunditsidwa lona. Wina akudya nthochi! Ndinati kalanga ine, munthu ameneyu anawalakwira chiyani abale ake?"

Foni ya Sellina inalira. Anali Konstebo Yunus.

"Sajeni, bwererani, nkhani yatha. Mdala uja wavomera."

"Wavomera chiyani?"

"Kuba. Akuti anagulitsa kwa anthu osawadziwa. A Mlanga anabwera kudzamuona, anamubweretsera buledi ndi maheu, anapemphera naye pang'ono. Atangochoka, iye n'kundiitana. Bwana wathu kuno kupolisi akuti masana ano apite kukhoti, akavomere komweko zithe."

"Mwamumenya?"

"Ndi chala chomwe ayi. Akungolira."

Sellina anatseka foni. Mbatata ija inamuwawa m'kamwa. Mdala wa zaka zimenezo, nthiti zopondedwa kale, akangoti "ndavomera" pamaso pa woweruza, kundende akalowa ndi miyendo yake koma potuluka adzachita kunyamulidwa.

Anapeza Stacy pakhonde akuvala nsapato.

"A Raphael oyendera nyumbawo ali kuti pakali pano?"

"Ku Chichiri. Anaimba foni dzulo kuti asintha, ayambira nyumba ina kumeneko, kwathu masana. Bwanji?"

"Galimoto yanu ili ndi mafuta?"

* * *

Mumsewu wa Masauko Chipembere maminibasi anali atatsekerana ngati mbuzi pakhomo la khola. Stacy ankaimba hutala, Sellina akuyang'ana dzuwa lomwe linali kukwera mosafunsa munthu.

"Sajeni, mukuganiza kuti akubawo ali ku Chichiri?"

"Ndikuganiza kuti maliro ali ku Chichiri."

Sanavutike kuipeza nyumbayo. Inali yatsopano, ya maofesi, ndipo m'mphepete mwa denga lake, moyang'ana kumsewu, mapanelo anali ndandanda akunyezimira ngati mano a mkwati. Pabwalo panaima bambo wamimba, chisoti choyera kumutu, akujambula dengalo ndi foni ali pansi pomwepo. Mwini nyumbayo anali pambali pake akumwetulira mpaka m'makutu.

"A Raphael ndi amenewo," anatero Stacy.

Koma Sellina anali akuyang'ana kwina. Kuseri, pansi pa mtengo wa jakaranda, panaima lole, mtanda patsogolo, nkhata pagalasi. Amuna angapo anali gone pa lona. Ndipo pafupi ndi chitseko cha loleyo, jekete yodziwika inali kukangana ndi munthu wamfupi wa ovolosi.

"Dadi?" anatero Stacy chapansipansi.

Sellina anayamba ndi wamimba uja. "A Raphael, mwakwera padengapo?"

"Bondo langa, mayi," anatero akulisisita. "Dokotala anandiletsa makwerero. Komanso zikuoneka bwino pompano. Taonani kukongola kwake."

"Nyumba zonse mumaziona muli pansi?"

"Maso anga ndi akuthwa."

"Tiyeni mukawagwiritse ntchito kuseriku."

Atafika palole, mkangano unazima ngati magetsi. A Mlanga anaona mwana wawo, mpango unagwa m'manja. Sellina anawalambalala. Anatulutsa unyolo n'kulunjika kwa wa ovolosi.

"Ndinu a Trevor? Ndakumangani. Munaba mapanelo padenga la a Mlanga ku Limbe m'bandakucha. Mboni inaona lole yanu."

"Ine? Kuba?" Trevor anabisa manja kumbuyo. "Amayi, taimani kaye. Bambo Mlanga, auzeni!"

A Mlanga anali kuyang'ana masamba a jakaranda ngati ndi koyamba kuona mtengo.

"Manja kuno," anatero Sellina.

"Bambo Mlanga!"

Zii.

Unyolo utangokhudza dzanja lake, Trevor anaphulika. "Munthu angabe bwanji katundu wake yemwe? Ndi anga amenewo! Ine ndimabwereketsa matenti, mipando, zokuzira mawu, ndi sola. Pali cholakwika? Munthu akakhala ndi mwambo amabwereka zomwe alibe. Woyendera akabwera, ndimakaika. Akapita, ndimakachotsa. Mapanelo amenewo ayenda m'tauni muno kuposa kondakitala!"

A Raphael anavula chisoti. Mwini nyumba ya ku Chichiri, yemwe anawatsatira, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi foni yoti ayankhe patali.

"Nanga mtandawu?" anafunsa Sellina.

"Pamsewu ndani amaimitsa maliro? Ngakhale anzanu omwe amavula zipewa." Trevor anapukuta thukuta. "Ine ndinaika kwa a Mlanga dzulo. Madzulo ndikumva kuti bwanawa asintha, ayambira kuno. Ndiye ndinati ndiwabwereke m'mawa, masana ndikawabwezere, onse akhoze. Ndinawaimbira a Mlanga, foni yozima. Ndikanatani? Ine sindinadziwe kuti mwana wawo akuwa."

Sellina anatembenukira kwa a Mlanga. "Bambo, funso langa ndi limodzi. Mapanelo ali pamwambapo ndi anu? Mukanena kuti ndi anu, ndikumanga Trevor, ndipo a Zuze apita kukhoti ngati mnzake wakuba. Mukanena kuti si anu, palibe chinabedwa."

A Mlanga ananyambita milomo. Anayang'ana a Raphael, anayang'ana denga, anayang'ana pansi.

"Mayi, izi tikanakambirana mwaulemu. Mdala uja ndalankhula naye. Sakakhalitsa. Adzukulu ake ndiwasamala ine, nyumba sindiwachotsa. Akatuluka ntchito adzaipeza."

"Ndafunsa kuti ndi anu?"

"Nyumba ija ndamanga ndi moyo wanga wonse. Lamuloli linatipeza denga tamaliza kale. Tikanagula athu titatsegula, ndikulumbira. Kungoti titsegule kaye."

"Dadi," anatero Stacy.

"Khala chete iwe. Zonsezi ndi pakamwa pako."

"Munandisiya ndikuloza a Zuze pagulu."

"Ndati khala chete!"

Stacy sanalire. Nkhope yake inauma ngati ya mayi amene wapeza uthenga wachilendo m'foni ya bambo. Anatembenukira kwa woyendera nyumba uja.

"A Raphael, masana ano musavutike kubwera ku Limbe. Nyumba yathu ilibe sola. Sinakhalepo nayo. Waya wake ndamuona ndekha, salowa paliponse."

A Mlanga anakhala pansi pa sitepe ya lole, pansi penipeni pa mtanda.

Sellina anali ataimba kale foni. "Yunus, mdala uja ali pomwepo?"

"Tikumukweza galimoto, Sajeni."

"Mutsitseni. Uzani bwana kuti ndikubwera ndi mwini mlandu."

* * *

Kupolisi anapeza a Zuze atawabwezera m'chitokosi, atakhala pakona, buledi uja ali pambali osanyemedwa. Yunus anatsegula chitseko.

"A Zuze, tulukani," anatero Sellina. "Palibe chinabedwa. Mulibe mlandu."

Mdalayo sanasunthe. Diso lake labwino linadumpha Sellina n'kukaima pa jekete yomwe inali kumbuyo kwake.

"Bwana, ndinene ziti tsopano? Zija munandiuza, kapena zinazi?"

M'chipindamo munali apolisi, munali mayi wodzadandaula za mbuzi, munali ndi akaidi ena akusuzumira. Onse anatembenukira kwa a Mlanga.

"Simunabe, a Zuze," anatero a Mlanga, mawu ngati a udzudzu.

"Sindinamve, bwana."

"Ndati simunabe."

A Zuze anagwira khoma, n'kudzuka pang'onopang'ono, dzanja lina lili panthiti. Stacy anathamangira kuti awagwirize, iwo anamukaniza mwaulemu. Anatuluka okha, n'kuima pamaso pa bwana wawo.

"Tiyeni ndikakusiyeni ku Chilobwe," anatero a Mlanga. "Mukapume. Zinazi tikakambirana kunyumba."

"Ku Chilobwe ayi."

"Kuchipatala?"

"Kuchipatala ndipita pambuyo." A Zuze anakonza kolala ya yunifomu yong'ambikayo. "Pano mwanena, amva anthu a boma. Koma amene anandiponda sali pano. Ali kuseri kwa msika. Mukaime pakhonde pomwe ndinagwera paja, mukawauze amenewo."

A Mlanga anayang'ana Sellina ngati munthu womira woona bwato.

Sellina anatenga makiyi a galimoto ya polisi pa tebulo. "Yunus, chokuzira mawu chija chikugwira ntchito?"

"Chikugwira, Sajeni."

"Chikwezeni. A Zuze akhala kutsogolo. Bambo Mlanga, inu kumbuyo."